Momwe mungayerekezere maikolofoni akale a omni musanajambule kwaya yanu

Makwaya ambiri kuno ku Chipata pojambula nyimbo amaika maikolofoni pafupi ndi pakamwa pa oimba. Chotuluka pamenepo ndi anthu 30 oimba aliyense payekha. Akatswiri ojambula magulu akuluakulu a zoimbira amakonda maikolofoni a omni, otola mawu kuchokera mbali zonse, chifukwa amagwira gulu lonse pamodzi ndi kamvekedwe ka nyumbayo. Ngati mwapeza akale awiri kapena atatu, obwereka kapena ogula, ayeseni motere.

Choyamba, dziwani chimene mwanyamula. Neumann M 50 idatuluka ku Germany mu 1951. Mkati mwake muli kachikopa kakang'ono konjenjemera, ngati ka ng'oma, koikidwa pa kampira ka mamilimita 40, ndipo kampirako kamachititsa kuti mawu apamwamba, ngati a masoprano, ochokera kutsogolo amveke bwino ngakhale maikolofoni ili patali. Kampani yojambula nyimbo ya Decca ya ku London inkaimika atatu oterewa pamwamba pa wotsogolera oimba, njira yotchedwa Decca Tree. M 50 imayendera valavu (kachubu kagalasi kokweza mawu, konga ka m'mawailesi akalekale) ndipo ili ndi bokosi lakelake la magetsi. Neumann KM 83 ya m'zaka za m'ma 1960 imangofuna magetsi a 48 V otchedwa phantom, ochokera pa mikisa kudzera mu nthambo yake. Brüel & Kjær 4006 ya ku Denmark, ya mu 1982, nayo imalandira 48 V, koma mnzake 4003, ngakhale akufanana nkhope, amafuna 130 V. Werengani zolembedwa pa bokosi musanalumikize. Lochokera ku America likhoza kukhala la 110 V, ndipo magetsi athu a 230 V alipsereza pomwepo.

Chachiwiri, imvani ngati ili bwino. Ya valavu ipatseni mphindi 30 itenthe kaye, ndipo musazule nthambo yake bokosi lili loyaka. Valani mahedifoni m'chipinda cha zii. Mukamva kuthetheka ngati mafuta pa chiwaya, nthawi zambiri ndi chinyontho pa kachikopa kaja, vuto la miyezi ya dzinja. Igoneni m'bokosi lotseka ndi timapaketi ta silika toyamwa chinyontho. Chonde musauziremo mpweya poyesa!

Chachitatu, sankhani nthawi. Omni sasankha: njinga yamoto yodutsa pamsewu, tambala wa kuseri kwa tchalitchi, jenereta, zonse alowetsa. Mvula pa malata ndiye basi, tsikulo latha. Ngakhale mu Okutobala malata amalira okha dzuwa likamawotcha, choncho ine ndimakonda mmamawa kapena usiku.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya, maikolofoni onse amve kuimba kumodzi. Musajambule yoyamba, kenako n'kuuza kwaya ibwereze kwa yachiwiri. Ulendo wachiwiri masoprano amakhala atatenthetsa mmero, wang'oma wawonjezera mphamvu, ndipo inu muyamikira maikolofoni pa ntchito ya oimba. Imikani onse pa sitandi imodzi, mitu yawo itayandikana, pafupifupi mamita atatu kuchokera pansi, kumbuyo pang'ono kwa wotsogolera, iliyonse pa tchanelo chake. Pemphani nyimbo ziwiri: yachisoni yoimbidwa motsitsa, ndi ina ya ng'oma, visekese ndi nthungululu. Kenako sunthani sitandi mita imodzi kutsogolo, mujambulenso. Mudzadabwa kuti mita imodziyo imasintha mawu kuposa kusintha maikolofoni, makamaka m'tchalitchi cha simenti pansi ndi makoma osalala momwe mawu amabwerera kwambiri.

Chachisanu, linganizani kukwera kwa mawu pa kompyuta. Khutu limanamiza; chilichonse chokwera pang'ono limati ndicho chabwino.

Chomaliza, mverani osadziwa dzina. Mnzanu atchule mafailo A, B ndi C, asunge yekha chinsinsi. Tcherani khutu ku mabesi: kodi akumveka ndi thupi lawo, kapena angosanduka mkokomo? Omni wabwino amatola ngakhale mawu otsika pansi kwambiri, ndiye ubwino wake waukulu. Mverani zilembo za "s" ndi "ch" pa masoprano. M 50 ndi KM 83 zimakweza mawu apamwamba, zomwe zimathandiza m'nyumba yaikulu, koma pafupi ndi visekese zimatha kubaya m'khutu, pamene 4006 yokhala ndi kachivundikiro kake kasiliva imapereka mawu mosakometsera. Itanani aphunzitsi a kwaya amve nawo, poti iwo amadziwa liwu la aliyense ndipo aona msanga ngati maalto asowa.

Mukasankha, tumizani failoyo pa foni, muimve pa kasipika kake ndi pa kawailesi kakang'ono. Anthu a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi ambiri adzaimvera pamenepo.