Timabuku ta nkhondo tija musatitaye

Ngati mukadasungabe timabuku ta zithunzi ta nkhondo taubwana tija, monga Commando ta kampani ya DC Thomson ya ku Dundee, tomwe tidayamba kutuluka mu 1961, titulutseni m'katoni. Tikuthandizani kulowa m'mabuku akuluakulu a mbiri ya nkhondo, amene ambirife timangowasiya pa tsamba 40 tulo titatigwira.

Chitani chonchi. Sankhani kabuku kamodzi, muone dera ndi chaka cha nkhondoyo, kenako fufuzani buku lenileni lofotokoza za komweko basi. Musayambe ndi chibuku cha nkhondo yonse yachiwiri yapadziko, mudzalema nacho.

Ine ndidayamba ndi Burma, dziko lomwe lero limatchedwa Myanmar. M'kabuku, msilikali mmodzi wa ku Britain amagonjetsa gulu lonse la Ajapani chipewa chili chikhalire kumutu. M'buku lenileni mupeza mvula yosakata, matope, malungo, ndi abulu osenza katundu. Mupezanso asilikali a King's African Rifles, ena ochokera ku Nyasaland, amene mu 1944 adatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Timabuku tija sitimawajambula kawirikawiri anthu amenewa, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero.

Mapu akhale pambali, ngakhale a pafoni. Popanda mapu, Imphal ndi Kohima, matauni a ku India kufupi ndi malire a Burma komwe nkhondo idavuta, ndi mayina chabe. Lembaninso manambala a magulu a asilikali pa kapepala, chifukwa amasokoneza kwabasi.

Timabukuto sungani m'pulasitiki, pamwamba, kutali ndi chiswe. Pepala lake n'lofewa, silichedwa kufumbwa.