Momwe mungayendetsere bizinesi ya ntchito zamanja pakhomo uku mukulera ana

Kasitomala akafunsa kuti, "Kodi pofika Lachisanu mukhala mutamaliza?", mayi amene amasoka, kuluka kapena kutunga mikanda pakhomo amangoti inde asanaganize n'komwe. Lachitatu mwana wadzuka thupi litatentha. Lachinayi kusukulu aitanitsa makolo. Lachisanu likukwana diresi lilibe manja, ndipo mayi uja akuchezera pa makina maso ali psuu, m'mawa mwake n'kudzuka wokalipa. Luso analinalo, makasitomala analinawo, chimene chinaperewera ndi maola.

Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linalengeza mu 2018 kuti amayi ndiwo amagwira maola 76 mwa maola 100 aliwonse a ntchito zosalipidwa zosamalira pakhomo, kuposa katatu maola amene abambo amagwira. Choncho mayi akamayamba bizinesi, tsiku lake limakhala litadyedwa kale. Malangizo ali m'munsiwa akuyambira pamenepo.

Choyamba: werengani maola anu enieni

Musanagule ulusi kapena nsalu, tengani kope. Kwa sabata yathunthu, lembani nthawi iliyonse imene manja anu anali omasuka, ngakhale mphindi 20 zokha. Musalembe zimene mukulakalaka, lembani zimene zachitikadi.

Mukatero muona kuti nthawi yanu ili mitundu iwiri. Pali nthawi yokhazikika, pamene ana ali kusukulu kapena khanda lagona, imene mungathe kuika maganizo onse pa chinthu chimodzi. Imeneyi isungireni ntchito yosafuna kulakwitsa, monga kuyeza ndi kudula nsalu kapena kuwerengera ndalama. Ndiye pali nthawi yoduladula, pamene wina akukuitanani mphindi zisanu zilizonse. Nayonso ndi yamtengo wapatali: mungasokerere mabatani, kudula ulusi wotsalira, kulongedza katundu, kuyankha mauthenga.

Maola amene mwapezawo chotsanipo gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati mwapeza 16 pa sabata, bizinesi muiwerengere 12. Anayi otsalawo ndi a matenda, alendo odzidzimutsa ndi ntchito yofuna kubwereza. Ndipo chonde, tulo musatiwerengere ngati nthawi yopuma imene mungabwerekeko. Mayi wosagona amadula nsalu molakwika, amadzibaya ndi singano, ndipo ana ndiwo amayamba kumva ululu wake.

Chachiwiri: sankhani chinthu chimodzi

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu waluso amafuna kupanga zonse, zikwama, makatani, makandulo, makeke, ndipo chilichonse chimafuna zipangizo zake ndi malo ake. Yambani ndi chimodzi, kapena ziwiri zogwiritsa ntchito zipangizo zofanana.

Funso limene amayi ambiri salifunsa ndi ili: kodi ntchitoyi ndingaisiye pakati mwana akalira? Choluka mumachiika pansi n'kudzapitiriza madzulo. Phula la makandulo likasungunuka pamoto simungalisiye. Keke ikalowa mu uvuni ndiye kuti mwamangika. Sopo wopangira kunyumba amafuna kositiki soda, amene amaotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu akalowa m'maso, komanso sopoyo amatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti akhwime. Sindikuti ntchito zimenezi n'zosatheka, koma ngati muli ndi mwana wokwawa ndipo mulibe chipinda chokhoma, zidikireni kaye.

Kuyamba ndi kanthu kakang'ono si manyazi. Laura Ashley, amene dzina lake linadzatchuka pa nsalu ndi zovala m'mayiko ambiri, anayamba mu 1953 pamodzi ndi mwamuna wake Bernard, akudinda maluwa pa timipango ndi tinsalu ta patebulo m'nyumba yawo yaing'ono ku London.

Chachitatu: pangani zochepa, muyang'ane wotchi

Pangani zisanu kapena khumi zofanana, ndipo lembani nthawi imene chilichonse chatenga kuyambira kudula mpaka kulongedza. Choyamba chimachedwa; nthawi yoona ndi ya chachinayi kapena chachisanu. Kenako zigulitseni kwa anthu osakudziwani. Achibale ndi anzanu amayamikira chifukwa amakukondani, pamene mlendo akatulutsa ndalama ndiye kuti katunduyo wamugwiradi mtima. Mvetserani zimene akudandaula: zipi yolimba, lamba wamfupi, mtundu wosuluka. Ngati mukusoka ndi nsalu ya thonje, ichapeni musanadule, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba.

Chachinayi: ikani mtengo umene ukukulipirani inuyo

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mabizinesi ambiri a pakhomo amafera mwakachetechete. Mayi amaonkhetsa nsalu, ulusi ndi zipi, n'kuwonjezerapo kangachepe, basi mtengo wapezeka. Manja ake sanawawerengere. Amaganiza kuti popeza anali pakhomo kale, nthawi yake inali yaulere. Koma maola amenewo wawalanda kwa ana ake, kwa thupi lake ndi kwa banja lake, ndipo ayenera kubwerera ngati ndalama.

Mtengo woona uli ndi magawo anayi. Gawo loyamba ndi zipangizo zonse, kuphatikizapo zing'onozing'ono zimene timaiwala: guluu, singano zothyoka, mafuta a makina, pepala lokutira, zidutswa za nsalu zotayika. Lachiwiri ndi malipiro anu: maola amene chinthucho chatenga kuchulukitsa ndi ndalama imene mwadziikira pa ola. Ngati simukudziwa kuti mudziikire zingati, dzifunseni kuti mukanalemba munthu waluso ngati lanu mukanamulipira bwanji, ndipo musatsike pamenepo. Lachitatu ndi zolowa mosaonekera: magetsi, bandulo ya intaneti, mayendedwe okagula zipangizo, ndalama zodulidwa polandira malipiro pa foni, kukonzetsa makina. Onkhetsani za mwezi wonse, mugawe ndi chiwerengero cha zinthu zimene mumapanga pa mwezi. Lachinayi ndi phindu, limene si malipiro anu ayi, koma ndalama ya bizinesi yokulira ndi yogulira makina ena akale akatha.

Tiyerekeze kuti chikwama chimakutengerani maola atatu ndipo muli ndi maola 12 pa sabata. Ndiye kuti simungapitirire zikwama zinayi pa sabata, pafupifupi 16 pa mwezi, ngakhale mutafunitsitsa bwanji. Ndipo si maola onsewo amene apite ku makina, chifukwa kujambula, kuyankha makasitomala ndi kukagula zipangizo kudyaponso. Tsopano tengani ndalama imene mukufuna kupeza pa mwezi mugawe ndi zikwama zimenezo. Ngati mtengo wotulukawo ndi wokwera kwambiri moti palibe angagule, vuto mwaliona lisanakudyereni mpamba. Mukhoza kupeputsa kapangidwe, kudula nsalu ya zikwama zinayi nthawi imodzi kuti zifulumire, kuoda zipangizo mopikula, kufunafuna ogula amene amalemekeza ntchito yamanja, kapena kusintha katundu. Chimene simuyenera kuchita ndi kupikisana mtengo ndi katundu wa kufakitale. Makina a kufakitale salera ana.

Wachibale akafuna kutsitsiridwa, sankhani chimodzi: mumpatse monga mphatso mukudziwa kuti ndi mphatso, kapena alipire mtengo wonse. Zapakatikati ndi zimene zimabala madandaulo.

Chachisanu: khalani pansi ndi a pabanja panu

Mutu umodzi susenza denga. Ngati muli pabanja, kambiranani ndi amuna anu momveka, osati mongodutsa. Mawu akuti "mundithandizeko" amaiwalika msanga. Nenani tsiku ndi ola. "Bambo, Loweruka kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko ana akhale m'manja mwanu." Aonetseni kope lija, aone okha maola ndi ndalama. Ngati mukulera nokha, pezani mayi mnzanu wodalirika musinthane: lero ana onse kwa inu, mawa kwa iye. Maola atatu opanda wosokoneza amatulutsa ntchito yoposa ya tsiku lonse loduladula.

Ana auzeni m'njira yoti amvetse: amayi akakhala pa tebulo ili, ali kuntchito, ndipo akaimirira ndi anu. Lonjezo lachiwirilo lisungeni. Okulirapo akhoza kuthandiza kupinda kapena kumata timapepala, ndipo amaphunzirapo zambiri, koma sukulu ndi masewera awo zisaphwanyike, ndipo mwana wamkazi wamkulu asasanduke mlezi wa azing'ono ake tsiku lililonse chifukwa cha bizinesi yanu. Zimenezi zimachitika mosazindikira, ndipo zimandikhudza kwambiri.

Malo ogwirira ntchito safuna chipinda. Ngodya imodzi ndi bokosi lotsekeka n'zokwanira. Mikanda, mabatani ndi mapini zimatsamwitsa ana osakwana zaka zitatu, choncho mukamaliza sesani pansi, lumo ndi singano muike pamwamba, ndipo ayironi ndi makina amagetsi muzizule.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama ya bizinesi ikhale payokha

Tsegulani akaunti ina, ya kubanki kapena ya pa foni, ngakhale envelopu yokhoma ngati poyambira. Ndalama iliyonse yolowa ipite kumeneko. Dzilipireni kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, ndipo zapakhomo zigulidwe ndi malipiro amenewo. Mukatapa mu mpamba chifukwa cha vuto ladzidzidzi, lembani ngati ngongole, mudzabweze. M'kope mukhale mizere itatu yokha: zolowa, zotuluka, ndi amene ali ndi ngongole kwa inu.

Za kubwereka, lamulo langa ndi lakuti bwerekani maoda akachuluka kuposa mphamvu zanu, osati kuti muyambe kuwafunafuna. Kugula makina molipira pang'onopang'ono si chinthu chatsopano. Kampani ya Singer inayamba kugulitsa makina osokera mwa njira imeneyi cha m'ma 1856, ndipo inathandiza mabanja ambiri kukhala ndi makina pakhomo. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene bungwe la CARE linawayambitsa pakati pa amayi a ku Niger mu 1991, nawonso afalikira m'mayiko ambiri. Njira iliyonse imene mungatsate, funsani ndalama yonse imene mudzabweze pamapeto, muigawe ndi phindu la chinthu chimodzi, muone kuti mukuyenera kugulitsa zingati. Katapira mumupewe.

Chachisanu ndi chiwiri: foni ikhale sitolo yanu, koma yotseka usiku

WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, imalola kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake pamalo amodzi, kulemba maola anu ogwira ntchito, ndi kukonza uthenga wodziyankha wokha mukakhala kuti simuli pa foni. Gwiritsani ntchito zimenezi kuti musamayankhe funso limodzimodzi kakhumi mukusambitsa mwana. Facebook ndi Instagram zimathandiza kupeza anthu atsopano, koma sankhani imodzi imene ogula anu amapezekako, muisamale bwino.

Jambulani masana pafupi ndi zenera, kumbuyo kukhale nsalu yopanda maluwa, ndipo pukutani galasi la kamera. Onetsani kukula kwa chinthucho pochigwira m'manja. Nkhope za ana anu, yunifolomu ya sukulu yawo ndi khomo la nyumba yanu zisaoneke. Kasitomala wachilendo mukumane naye pamalo a anthu ambiri, kapena mumutumizire. Wina akakutumizirani chithunzi chosonyeza kuti walipira, musatulutse katundu mpaka mutaona ndalamayo mu akaunti yanu, chifukwa akuba amapeka mauthenga oterewa.

Chachisanu ndi chitatu: landirani maoda mwadongosolo

Pa chinthu chopangira munthu mmodzi, monga chovala cha muyezo wake kapena chokhala ndi dzina lake, landirani theka la mtengo musanagule kanthu. Lembani mu uthenga mtundu, muyezo, mtengo ndi tsiku, iye avomereze. Ngati ntchito ndi ya masiku atatu, lonjezani asanu. Maola anu a sabata akadzaza, yankho ndi lakuti, "Pepani mayi, sabata ino ndadzaza, ndingakukonzereni pofika pa 20." Ambiri amadikira. Ngati mwachedwa ndithu, imbani foni tsikulo lisanafike, osadikira kuti akufunefuneni.

Funsaninso ku ofesi yoona za malonda kwanuko za kulembetsa bizinesi ndi msonkho. Zakudya, zodzola ndi zoseweretsa ana nthawi zambiri zimakhala ndi malamulo akeake a ukhondo ndi chitetezo.

Pakatha miyezi itatu, tsegulani kope lija. Tengani malipiro onse amene mwadzipatsa, mugawe ndi maola onse amene mwagwira. Ngati ndalama ya pa ola yatsika kuposa imene munadziikira, kwezani mtengo kapena siyani katundu amene akudya nthawi yambiri. Ngati mwakhala mukubweza maoda miyezi iwiri yotsatizana, mtengo ndiwo uyambe kukwera. Kulemba wothandiza kubwere pambuyo, ndipo ayambe ndi ntchito ya nthawi yoduladula ija, inu mutsale ndi kudula ndi kusoka.