Momwe ndinapezera mpumulo m'chilimwe cha ku Chikwawa

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chikwawa dzuwa limaswa mtengo, ndipo masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Chaka chatha ndinkasoka zovala kuyambira m'mawa mpaka madzulo m'nyumba yamalata, kotero kuti mutu unkandiwawa tsiku lililonse, tulo sitinkabwera, ndipo ndinayamba kukalipira ana popanda chifukwa, chinthu chimene chinandipweteka mumtima kwambiri.

Nditaona kuti thupi likundichenjeza, ndinasintha nthawi yogwirira ntchito. Ndinayamba kusoka kukangocha mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako n'kuphimba makina ndi chitenje n'kukayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kunsi kwa malata ndinamangirira mabango kuti kutentha kusatsikire m'chipinda, ndipo madzi akumwa ndinawabwezera mumtsuko wadothi, umene umawaziziritsa chifukwa chinyezi chotuluka m'mbali mwake chikamauma chimachotsa kutentha. Makasitomala ena anadandaula kuti zovala zikuchedwa, koma nditawafotokozera mwaulemu ambiri anamvetsa. Patatha milungu iwiri mutu unaleka kuwawa, ndipo madzulo ndinayambanso kucheza ndi ana pakhonde.