Linux yake iti? Mmene mungasankhire yoyika pa laputopu yanu

Pa 14 October 2025 ndi pomwe Microsoft inatsekera nthawi yosamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, kumbali ya Intel kuyambira 8th gen kupita mtsogolo. Ndiye malaputopu ambiri a kaunjika tili nawowa, ma HP, ma Dell, ma ThinkPad a cha m'ma 2013 mpaka 2016, akukanidwa pomwe akugwira ntchito bwinobwino. Musawataye chonde. Ikanimo Linux, sisitimu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndi yaulere, palibe zolipira layisensi.

Vuto ndi loti ukangofunsa kuti ndiyike iti, mayina amabwera ngati mvula, uyu Ubuntu, uyu Fedora, winayo akuti Arch basi ena onsewo ndi ana. Dziwani kaye kuti mkati mwa onsewa muli chinthu chimodzi, kernel, mtima wa sisitimu, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Ufa ndi umodzi, ophika ndi amene asiyana. Chimene chikusiyanitsa ma distro, mitundu yosiyanasiyana ya Linux imeneyi, kwenikweni ndi maonekedwe a pa sikirini, mapulogalamu amene abwera kale mkati, ndiye chachikulu chimene anthu sachiganizira, kuchuluka kwa maapudeti amene muzidzatsitsa mwezi ndi mwezi.

Yambani ndi kompyuta yanuyo osati dzina la distro. Pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance muone RAM. Ngati ili 8GB kapena kuposa, chilichonse chiyenda. Ngati ili 4GB, amene ndi malaputopu ambiri kwathu kuno, tengani Linux Mint ya Xfce kapena ya MATE (amenewa ndi mayina a maonekedwe a pa sikirini), ya Cinnamon nayo imayenda koma imadyako pang'ono. Ngati ili 2GB yang'anani Lubuntu kapena antiX, ndipo makina akalekale a 32-bit aja Ubuntu ndi Mint anawasiya kale, pamenepo antiX ndi imene ingakuthandizeni. Koma ndinene zoona, Linux siwonjezera RAM, mukatsegula ma tabu khumi pa Chrome ndi YouTube pompo makina a 2GB alira basi kaya muli chiyani. Ngati muli ndi kandalama, kuchotsa hadi disiki yakale n'kuyika SSD, disiki yamakono yothamanga ija, kumasintha liwiro kuposa kusinthasintha ma distro.

Tsopano nkhani ya bandulo, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa amene amalemba zoyerekeza ma distro ambiri ali kumayiko oti intaneti sawerengera. Pali magulu ngati atatu. Debian, imene inayamba mu 1993, imatulutsa yatsopano pafupifupi zaka ziwiri zilizonse ndipo pakatipa imangokonza za chitetezo, mapulogalamu ake amakhala akaleko koma sagwedezeka, maapudeti ake ndi ochepa. Ubuntu inamangidwa pa Debian, anayiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo chaka chilichonse chachiwiri mu April amatulutsa ya LTS imene amaisamalira zaka 5, monga 22.04 ndi 24.04, manambalawo ndi chaka ndi mwezi. Ma Ubuntu apakati aja monga 24.10 amangokhala miyezi 9, asiyeni amenewo. Linux Mint nayo inamangidwa pa Ubuntu LTS, Mint 22 ikusamalidwa mpaka 2029. Kenako pali Fedora, yothandizidwa ndi Red Hat, yatsopano imatuluka miyezi 6 iliyonse ndipo iliyonse imakhala pafupifupi miyezi 13, ndiye kuti chaka chilichonse muyenera kukweza sisitimu yonse, ma GB angapo amenewo. Arch ndi ana ake monga Manjaro ndi EndeavourOS alibe n'komwe za mavesheni, maapudeti amangobwera pafupipafupi, ukakhala mwezi osatsitsa umapeza mulu ukukudikira ndipo nthawi zina pamafunika kukonza zina pamanja. Ndi yabwino kwa munthu wofuna kuphunzira zamkati amene ali ndi WiFi ya kuntchito kapena kusukulu, koma ngati mumagula bandulo ya pa sabata pa foni, Arch ikudyerani ndalama ya ndiwo.

Ngakhale fayilo yoyikira, ISO ija, imasiyana. Ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6GB pomwe ya Mint ili cha m'ma 3GB. Tsitsani usiku ndi bandulo yausiku, kapena kokopera kwa mnzanu amene ali nayo kale, zimenezi n'zololedwa ndithu, si kuba. Ingotengani ya pa webusayiti yeniyeni ya eni ake.

Ine munthu woyamba kumene ndimamuuza Mint, sindizungulira. Menyu ili pansi kumanzere ngati pa Windows, LibreOffice (yogwira ntchito ngati Microsoft Office), Firefox ndi zoonerera mavidiyo zili kale momwemo, ndipo chifukwa pansi pake ndi Ubuntu, yankho lililonse la Ubuntu limene mungapeze pa intaneti nthawi zambiri limagwiranso pa Mint. Ubuntu yeniyeniyo ndi yabwino makamaka kwa ophunzira za mapulogalamu chifukwa maphunziro ambiri amalembedwa poganizira iyoyo, kungoti maonekedwe ake a GNOME ndi achilendo kwa wozolowera Windows komanso amalemera pa 4GB. Ndiye funsaninso kuti amene muzimuthamangira zikavuta akugwiritsa iti, ngati mchimwene wanu kapena mnzanu wa kukoleji ali pa Fedora ndipo ndi wokonzeka kukuthandizani, imeneyo ikhoza kukhala yabwino kwa inu kuposa imene ndatchulayi.

Musayike musanayese. Pezani fulashi ya 8GB kapena 16GB, dziwani kuti zonse zili momwemo zifufutika, ikanimo Ventoy, imeneyi ndimaikonda chifukwa ukangoiyika kamodzi umangokopera ma ISO awiri atatu mufulashimo ngati mafayilo wamba, poyatsa imakufunsa kuti ukufuna iti. Rufus kapena balenaEtcher zimagwiranso koma imodzi imodzi. Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, poyatsa dinanidinani F9 ngati ndi HP, F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, Esc pa Asus, musankhe fulashiyo. Linux iyaka kuchokera mufulashi osakhudza Windows yanu ngakhale pang'ono.

Apa musangosirira zithunzi za pa sikirini ayi. Onani ngati WiFi ikuona netiweki, imbani nyimbo mumve ngati mawu akutuluka ku sipika ndi ku mahedifoni, yesani kamera, mabatani owonjezera kuwala, tsekani chivindikiro mutsegulenso muone ngati ikudzuka. Lumikizani pirinta ngati muli nayo. WiFi ikapanda kuoneka kawirikawiri ndi ma chipu a Broadcom, musataye mtima, lumikizani foni ndi kebulo muyatse USB tethering, mukamaliza kuyika tsegulani Driver Manager pa Mint ikupezerani dalaivala wake. Khalani nayo theka la ola iliyonse, mudziwa nokha imene ikugwirizana ndi dzanja lanu. Kuchedwa kwa pa fulashi kusakunamizeni, ikalowa mu disiki imathamanga kuposa pamenepo.

Pali anthu amene sindingawauze kuti achotse Windows. Ngati chakudya chanu chikuchokera pa Photoshop, AutoCAD kapena CorelDRAW, zimenezi zilibe vesheni ya Linux, zolowa m'malo monga GIMP ndi Inkscape zilipo koma kasitomala sadikira kuti muphunzire. Inuyo ikani zonse ziwiri, poyika musankhe poti Install alongside Windows, koma muyambe mwazimitsa Fast Startup ndi BitLocker ku Windows, apo ayi disiki ikhala yokhoma.

Tsiku loyika, kopelani kaye zithunzi, ma CV ndi masatifiketi kwina, tchajani batire lidzaze ndipo chaja chikhale cholumikiza, magetsi akathima pakati pogawa disiki mukhoza kutaya zonse. Kuyikako sikupitirira ola pa makina ambiri. Mukamaliza yatsani Timeshift kuti izisunga chithunzi cha sisitimu, apudeti ikasokoneza mumangobwerera mmbuyo. Mu Software Sources sankhani seva yapafupi, za ku South Africa zimathamangako kuposa za ku America. Ndiye kwa ana asukulu ndi olemba makalata a ntchito, LibreOffice imasunga mu .odt, inu sungani mu .docx kapena PDF potumiza kwa aphunzitsi, ndipo ikani phukusi lotchedwa ttf-mscorefonts-installer kuti mukhale ndi Times New Roman ndi Arial, kupanda apo asayimenti yanu ikatsegulidwa pa Word masamba amasuntha.