Kutumiza ndi kuyankha imelo ya anthu ambiri popanda kuwadzazira makalata obwereza

Nkhani zambiri za gulu timazimaliza pa WhatsApp, koma zikafika pa lipoti, bajeti kapena kalata yopita kwa ogula mpunga a ku Lilongwe, aliyense amati "titumizireni pa imelo". Kuno ku Salima ntchito imeneyi imagwera alembi a makomiti, kaya ndi komiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya alimi a ku Lifuwu. Ine ndimagwiritsa ntchito Gmail pa foni, ndiye ndifotokoza za kumeneko, ngakhale pa Outlook ndi Yahoo mabatani ake sasiyana kwenikweni. Za kutsegula akaunti ndi kulemba kalata sindikhudzako, izo mukuzidziwa kale.

Musanalembe chilichonse konzani kaye mndandanda wa anthu. Lowani mu Google Contacts, pangani label imodzi, muitche dzina la komiti yanu, nkuikamo onse oyenera kulandira. Mukamatumiza mungosankha label imeneyo, mayina onse abwera okha. Koma munthu mmodzi akhale ndi adiresi imodzi. Mabwana ambiri ali ndi ziwiri, ya kuntchito ndi yawoyawo, ndipo mukalemba zonse alandira kalata kawiri, lero ayankha pa iyi, mawa pa inayo, inu nkusokonezeka. Aimbireni muwafunse kuti amatsegula iti. Ngati dzina limodzi likuoneka kangapo, dinani Merge & fix liphatikizidwe. Dziwaninso kuti Gmail sawerengera timadontho ta m'dzina la adiresi, choncho yokhala ndi kadontho pakati pa mayina ndi yopanda kadontho zimagwera kwa munthu yemweyo. Chotsani imodzi.

Apa ndichenjezeko za anyamata ena okonza mafoni pamsika, omwe amatsegulira anthu akaunti ya Gmail pa mtengo wa botolo la fanta. Ambiri amaikapo nambala yawo ya foni ngati yobwezeretsera pasiwedi, ena pasiwediyo amailemba m'kabuku kawo. Membala wanu akasintha foni amapita kukatsegulitsa ina, ndiye mupeza mayi mmodzi ali ndi maadiresi angapo, yamoyo imodzi yokha. Muuzeni aikepo nambala yake ya Airtel kapena TNM, asinthenso pasiwedi tsiku lomwelo.

Tsopano mizere itatu ya pamwamba pa kalata ija, To, Cc ndi Bcc. Pa To lembani okhawo amene mukufuna kuti achitepo kanthu. Pa Cc ikani amene akungoyenera kudziwa, monga wapampando kapena alangizi. Munthu asapezeke pa mizere iwiri. Pa foni Cc ndi Bcc zimabisala, dinani kamuvi kali kumapeto kwa mzere wa To. Ngati mukutumizira anthu osadziwana, tinene ogula asanu omwe akupikisana pa mtengo, onsewo apite pa Bcc, pomwe olandira saona maadiresi a anzawo, pa To mudzilembe nokha. Mukapanda kutero ndiye kuti mwagawira aliyense maadiresi a anzake, ndipo wogula wina adziwa kuti mukukambirananso ndi ndani. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, choncho adiresi ya munthu si chinthu chongomwaza.

Gmail imalola kumata zinthu zosapyola 25 MB pa kalata imodzi. Zikapyola imaziika pa Google Drive nkutumiza linki. Koma musafike nako kumeneko. Masamba a maminitsi musawajambule ndi kamera limodzilimodzi. Mu Google Drive muli posikanira, masamba onse amakhala PDF imodzi yopepuka. Mmene bandulo yakwerera masiku ano, chithunzi chilichonse chosafunika ndi ndalama za mnzanu.

Gawo lovuta ndi la kutumiza kwenikweniko, ndipo apa ndichedwapo chifukwa panandionetsa zakuda.

Mukadina kamuvi kotumizira netiweki ili yofooka, kalata siipita, komanso siifa. Imakakhala mu Outbox, pansi pake patalembedwa Queued, kudikira kuti netiweki ibwere. Mukalemba ina nkudinanso, nayo imakafola pambuyo pa inzake. Foni siikuuzani kuti muli ndi makalata awiri ofanana akudikira.

Nyengo yokolola yapitayi tinali ndi kalata ya mitengo yopita kwa wogula wina, pamodzi ndi zithunzi za matumba ali m'nkhokwe. Tinaitumiza tili kumunda, komwe netiweki imachita kufunafuna munthu atakwera pachulu. Patapita nthawi wapampando akuimba ali ku Senga Bay: "Alembi, bwana uja akuti sanaone kanthu, mwatumizadi?" Tinatumizanso. Tili pomwepo msungichuma anaona kuti mtengo wa thumba tinalemba wa chaka chatha, tinakonza, nkutumizanso, osapita. Batire linatha, foni nkuzima. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi mpaka pa Kamuzu Road, nkukatumiza kalata yolondolayo pa kompyuta ya pa sitolo yosindikiza mapepala. Inapita bwinobwino. Madzulo nditatchaja foni kunyumba nkuyatsa data, makalata onse aja anali mu Outbox ananyamuka pamodzi. Anafika mochedwa, choncho kwa wogula uja anakhala pamwamba pa yolondola ija. Iye anatsegula imodzi mwa a pamwambawo, nkusindikiza, nkubwera ndi lole atanyamula pepala la mtengo wakale. Zokambirana za tsiku limenelo zinatha dzuwa litapendeka, ndipo alimi ena mpaka pano amakhulupirira kuti komiti inadyapo.

Ndiye chitani chonchi. Wina akati sanalandire, musathamangire kutumizanso. Dinani timizere titatu ta kumanzere, tsegulani Sent. Ngati kalata ilimo ndiye kuti inapita, muuzeni ayang'ane mu Spam kapena mu Promotions, kapena awerenge adiresi yake mumve ngati munalemba bwino. Ngati mulibe, tsegulani Outbox. Mukaipeza mmenemo ndipo ndi yolondola, isiyeni, pitani pomwe pali netiweki, ipita yokha. Ngati mukufuna kuisintha kapena kukatumizira pa chipangizo china, zimitsani kaye data, ifufuteni mu Outbox, muonetsetse kuti mwatsala mbee, kenako mupitirize. Musayatse data musanafufute, chifukwa imatha kuthawa mukuona.

Zikachitika kuti yolakwika yapita kale, musatumize yokonzedwayo mwakachetechete. Yankhani pa kalata yomweyo kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo mzere woyamba unene mosabisa: "Bwana, kalata ya m'mawa ija musaigwiritse ntchito, mtengo wolondola uli mu iyi." Fayilo nayo muisinthe dzina, muikepo tsiku ndi mawu oti yokonzedwa. Mafayilo awiri a dzina limodzi m'foni ya munthu ndi mlandu. Pa kompyuta, mu Settings, muli Undo Send, pomwe mumasankha masekondi 5, 10, 20 kapena 30 oti mubweze kalata musanachedwe. Ikani pa 30. Pa foni mawu oti Undo amangooneka kanthawi kochepa pansi pa sikirini.

Mukamatumizira pa sitolo kumbukirani kutuluka mu akaunti musananyamuke. Mafulashi otchipa a m'mbali mwa msewu olembedwa 64 GB musawakhulupirire ndi zikalata za gulu, ena amangoonetsa dzina la fayilo koma mkati mulibe kanthu.

Kuyankha nako kuli ndi mwambo wake. Reply imapita kwa wotumiza yekha, Reply all imapita kwa onse a pa To ndi Cc. "Ndalandira", "Zikomo kwambiri" ndi "Ambuye akudalitseni" ndi mawu abwino, koma apite kwa mlembi yekha. Anthu makumi atatu akayankha onse kwa onse, yankho la msungichuma lonena kuti ndalama sizikwana limakwiririka pakati pa mazikomo. Reply all ndi ya nkhani yomwe aliyense ayenera kumva, monga kusintha kwa tsiku la msonkhano. Ngakhale pamenepo yang'anani mayina musanatumize, muchotse omwe nkhaniyo yawapitirira. Ndipo ngati kalata inakufikani kudzera pa Bcc, Reply all musaikhudze nkomwe. Mukaidina onse a pa To ndi Cc adziwa kuti munapatsidwa mwachinsinsi, amene anakutumiziraniyo nkuchita manyazi.

Yankho lanu likhale pamwamba, lalifupi. Ngati mukuyankha funso limodzi mwa ambiri, tchulani funsolo. Nkhani yatsopano ifunika kalata yatsopano ndi mutu wake. Musatsegule kalata ya maliro ya mwezi watha nkulembamo za ngongole ya feteleza chifukwa choti mayina alimo kale.

Reply siinyamula mafayilo, Forward imanyamula. Choncho musamatenso lipoti poyankha anthu omwe ali nalo kale, ndipo musanapange Forward onani ngati munthuyo sanali pa Cc. Ambiri amalandira chikalata chimodzi kuchokera kwa mlembi, kwa wapampando ndi kwa wachiwiri wake. Gwirizanani pa komiti kuti wotumiza ndi mmodzi. Pa WhatsApp mungolemba kuti "onani imelo", osaponyanso fayilo.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Kalata ikamangolira ndi mayankho osakukhudzani, dinani timadontho titatu musankhe Mute kuti ileke kulira. Akaunti yaulere ya Gmail imalola kutumizira anthu 500 patsiku, komiti yathu siifika kumeneko. Malo aulere ndi 15 GB, ogawana ndi Drive ndi Google Photos, ndipo akadzaza makalata amasiya kulowa, choncho nthawi zina lembani larger:10M posakira kuti muone makalata opyola 10 MB, mufufute zolemera zomwe muli nazo kawiri. Wina akachoka mu komiti mumuchotse pa label tsiku lomwelo.