Momwe mungaikire ma detector a gasi pafakitale kapena pabekale

Mabekale, makhitchini a m'mahotela ndi mafakitale ena a ku Kanengo ndi ku Makata akugwiritsa ntchito gasi wa LPG, uja wa m'masilinda, masiku ano. Gasiyu amathiramo mankhwala onunkha kuti akamatuluka munthu amve fungo, koma mphuno imazolowera, ndipo usiku mlonda amakhala kugeti, kutali ndi masilinda. N'chifukwa chake pamafunika ma detector, zipangizo zokhala ndi sensa yomva gasi akatuluka n'kuliza alamu. Ine ndawaikapo pabekale ina, ndipo ndifotokoza momwe ntchitoyi imayendera.

Choyamba dziwani gasi amene muli naye, chifukwa ndi amene angakuuzeni pomangirira sensa. LPG ndi propane wosakaniza ndi butane, ndipo amalemera kuposa mpweya. Akatuluka amatsikira pansi ngati madzi, n'kukadzaza m'ngalande ndi m'maenje a mapaipi. Choncho sensa yake ikhale masentimita pafupifupi 30 kuchokera pansi, pafupi ndi regulator, mavalavu ndi molumikizira mapaipi. Methane wa biogas ndi wopepuka, sensa yake imapita kudenga. Chimodzimodzi hydrogen amene amatuluka potchaja mabatire a asidi, kaya a forklift kaya a sola. Musalole elekitilishani kuika sensa ya LPG kudenga poganiza kuti ndi yofanana ndi alamu ya utsi. Musaikenso pakhomo kapena pafupi ndi fani pamene mphepo imauluza gasi sensa isanamumve.

Detector imawerenga mu %LEL, kutanthauza maperesenti a LEL: 100% LEL ndiye kuti gasi wafika poti angayake. LEL ndi mlingo wochepetsetsa umene gasi akafika mumpweya amatha kuyaka: propane pafupifupi 2 peresenti, hydrogen 4 peresenti, methane pafupifupi 5 peresenti. Ambiri amatchera alamu yoyamba pa 20% LEL, yachiwiri pa 40% LEL, ndipo yachiwiriyo imatseka yokha valavu ya solenoid, yoyendera magetsi, pa paipi yaikulu.

Pogula, yang'anani chizindikiro cha Ex pamodzi ndi satifiketi ya ATEX kapena IECEx, zotsimikizira kuti chipangizocho n'choyenera m'malo amene gasi angayake. Tija totchipa tolowetsa pa soketi ndi ta kukhitchini ya kunyumba, tisiyeni. Funsaninso tsiku limene sensa inapangidwa, chifukwa pali ogulitsa ena amene amakupatsani katundu wokhalitsa pashelufu, mtengo uli wa chatsopano, pomwe sensa imakalamba ngakhale ili m'katoni. Funso langa loyesera wogulitsa ndi limodzi: "Gasi woyesera muli naye?" Akayamba kuzungulira, tulukani. Masensa a infrared, ozindikira gasi ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndi odula kuposa a catalytic, owotcha gasi pang'ono, ndipo amakhalitsa, koma hydrogen samuona konse.

Tsopano kuyesa, pamene ndikufuna mukhazikike. Sensa ya catalytic ili ndi kamkanda kotentha kamene kamawotcha gasi pang'ono kuti kadziwe kuchuluka kwake. Kamkandaka kamafa ndi zinthu zina: silicone, mtovu, ndi mankhwala okhala ndi sulphur. Choopsa n'chakuti kakafa sikanena. Getsi lobiriwira limayakabe, pagalasi pamalembabe 0, aliyense n'kumadutsa mtima uli m'malo.

Pabekale ija zinachitika motere. Anabwera munthu wodzamata mawindo ndi sinki pafupi ndi uvuni, anagwiritsa ntchito silicone ija ya m'chubu, ndipo wina anapopera mafuta a sipuleyi pa hinjesi ya chitseko, mkono umodzi kuchokera pa sensa. Palibe anaganiza zophimba kanthu. Tsiku loyesa litakwana, tinavala kachipewa koyesera pa sensa, tinatsegula kabotolo ka gasi wa 50% LEL, n'kudikira. Nambala inakwera mwaulesi, n'kuima patali ndi pamene alamu yoyamba imalirira. Inzake ya mbali ina ya chipinda inalira m'masekondi ochepa. Ndiye kuti kwa nthawi yonseyo mbali ya uvuni inalibe chitetezo, pamene pali moto ndi mapaipi ambiri. Sensa yoteroyo siikonzeka, timagula ina.

Ndiye lamulo likhale ili: aliyense wobwera kudzapenta, kumata kapena kupopera chilichonse m'chipindamo ayambe wauza woyang'anira. Sensa iphimbidwe, wina aime pafupi ndi detector ya m'manja, ndipo ntchito ikatha ivundukulidwe n'kuyesedwa tsiku lomwelo. Kuiwala kuvundukula ndi ngozi inanso, choncho lembani pabolodi. Kuyesa kwachidule kotere, kumene amati bump test, kuzichitika pafupipafupi, pomwe pa calibration yonse, kutchera sensa kuti iziwerenga molondola, muzitsatira zimene wopanga analemba, nthawi zambiri pakatha miyezi 6.

Pali njira yachidule imene anthu amaikonda, yotsegulira sensa gasi wa mu layita ya fodya. Alamu ilira ndithu, koma gasiyo ndi wochuluka mopyola muyeso, angathe kuononga kamkanda kaja, komanso simudziwa ngati ikanalira pa 20%. Kabotolo koyesera n'kodula ndipo kawirikawiri kamachokera ku South Africa, choncho ndi vuto la forex itanitsani msanga. Kali ndi tsiku lotha ntchito, liwerengeni musanalipire.

Zotsalazi n'zodziwika. Mawaya akoke munthu wodziwa ntchito ya m'malo a gasi, ndipo mapaipi agwire amene ali ndi chilolezo cha MERA. Panelo yolumikizako masensa ndi alamu ikhale ndi batire lake, chifukwa magetsi a ESCOM akazima gasi sasiya kutuluka. Sayirini imveke mpaka kugeti. Antchito adziwe kuti ikalira asakhudze switchi iliyonse, atseke valavu yaikulu ngati ili pofikirika, atsegule zitseko, atuluke. Zotsatira za kuyesa kulikonse muzilemba m'buku, oyendera a ku Unduna wa Zantchito akabwera motsatira lamulo la 1997 la chitetezo cha pantchito mudzawaonetse.