Mmene komiti ya m'mudzi ingalowetsere nkhani za kusintha kwa nyengo mu mapulani a khonsolo

Chikhazikitsireni lamulo la maboma aang'ono mu 1998, pamene mawu akuti mphamvu ku anthu anayamba kumveka m'Malawi, chitukuko cha boma lililonse chimayenera kuyambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi yotchedwa VDC, yomwe imakhala m'dera la gulupu, imalemba ndondomeko ya ntchito za m'mudzi imene ambiri amangoitchula kuti VAP, ndipo ndondomekoyi imadzera ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, isanakafike ku khonsolo. Ntchito imene sinalembedwe m'menemo imavuta kuipezera ndalama, ngakhale anthu atailira pamsonkhano uliwonse.

Musanakhale pansi ndi pepala, yambani mwayendera dera lanu ndi miyendo, makamaka m'mawa mvula yamphamvu itangogwa usiku. Mutenge agogo amene akukumbukira kumene mtsinje unkadutsa kale, komanso amayi otunga madzi, popeza iwo ndi amene amadziwa mjigo umene umayamba kuphwa mu Okutobala. Onetsanani pamene madzi analekeza nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. M'midzi ina ya ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe mzere wa matope unatsalira pamakoma a matchalitchi ndi sukulu, ndipo umboni wotero ndi wovuta kuutsutsa. Chigwembe chimene chikudya minda chiyezeni ndi mapazi, mulembe utali wake ndi tsiku limene mwachiyeza, kuti chaka chamawa mudzadziwe ngati chakula. Mukabwerera, jambulani mapu pansi ndi kamtengo, miyala ikhale nyumba, phulusa likhale mtsinje, kenako mlembi awakopere m'kope.

Pokambirana, musasiye kunja owotcha makala ndi olima m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Kuwaitana n'kowawa, koma lamulo limene lapanganidwa iwo kulibe amaliphwanya usiku. Itananinso komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi komiti yosamalira zachilengedwe, kuti mudzi umodzi usatumize mapepala atatu otsutsana. Amfumu akhalepo monga alangizi ndi osunga malo, koma mayi wamasiye amene nyumba yake ili kumunsi kwa phiri apatsidwe mpata wolankhula akuluakulu asanatseke nkhani.

Polemba ndi pamene makomiti ambiri amaphonya. Mawu akuti "kubzala mitengo" kapena "kuteteza chilengedwe" sauza wa ku khonsolo kanthu kalikonse, chifukwa mudzi uliwonse umalemba zomwezo. Lembani kuti mukufuna mibawa, nsungwi kapena udzu wa vetiva, mutchule gombe kapena phiri limene mudzabzalepo, amene adzathirire nazale, ndiponso chindapusa cha mwini mbuzi zodya mbande ndi wotentha tchire posaka mbewa. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, choncho nazale iyenera kufesedwa m'chilimwe, miyezi ingapo mvula isanagwe. Musiyanitsenso zimene mungathe kuchita nokha ndi makasu, monga akalozera ndi ngalande zokolola madzi, ndi zimene zikufuna simenti ndi mainjiniya, monga mlatho kapena chipupa chotchinga mtsinje. Zazikuluzi musankhe ziwiri kapena zitatu zokha, muziike m'ndandanda wa kufunika kwake, pakuti mukatumiza khumi, wosankha adzakhala munthu wa mu ofesi amene sanaonepo chigwembe chanu.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, motero zofuna zanu zifike ku ADC miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Pemphani mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango kuti awerenge zimene mwalemba ndi kukuthandizani kuyerekeza mtengo wake, ndipo khansala wa wodi yanu mumupatse kope yakeyake, ina itsale kwa mlembi. Pamsonkhano wotsatira mufunseni mwaulemu, koma pagulu, kuti pempho lanu lafika pati, ndipo yankho lake lilembedwe. Nthambi yoona za nyengo ikalengeza mmene mvula ya chakacho idzagwere, komiti ikumanenso ndi kuonetsetsa kuti njira yothawira kumtunda ndi yolambula, wenzulo kapena chimkuzamawu chili ndi mwini wake, ndipo banja lililonse likudziwa amene adzanyamule agogo ndi aulumali madzi akabwera usiku.